Chipewa cha a Tepi

Lachiwiri, 4 Juni

Ndilembe basi. Masana ano nthungo ya akazi anga yalasa munthu pabwalo la masewera. Ndi a Tepi, bambo wachikulire amene wakhala akuwayezera mtunda kuyambira ali mtsikana wa sukulu. Yalowa pantchafu. A kochi anandiimbira ndili m'kalasi. Choko ndinafika nacho kuchipatala osadziwa kuti chili m'manja.

Mwamwayi palibe amene anaizula, anachita kuicheka. Akazi anga ndinawapeza pabenchi, nsapato zamisomali zidakali kumapazi. Sanalire. Bola akanalira.

Lachitatu, 5 Juni

Adokotala akuti yaphonya mtsempha waukulu pang'ono chabe. Moyo ulipo. Za mwendo sakunena.

Ndilongosole bwinobwino, mwina mutu ungakhazikike. Lamulo la pabwalo ndi lakuti munthu asaime kutsogolo kwa woponya. Aliyense amalidziwa. Koma awiriwa anali ndi kachitidwe kawokawo. Woponya akamayang'ana pafupi, nthungo imagweranso pafupi. Maso amafuna chinthu chakutali choti mkono uchilondole. Ndiye a Tepi ankakaima kupitirira pamene nthungo ya akazi anga inafikapo chiyambire, atavala chipewa chawo chofiira, n'kumakuwa dzina lomwe anawapatsa okha: "Ndilase, Mphezi! Ndili pano!" Nthungo inkagwera patsogolo pawo, iwo n'kuseka kuti mkono wa phala. Chaka chilichonse ankasunthira m'mbuyo pang'ono. Mendulo zonse zili pakhoma pathupa zinabwera motero.

Dzulo nthungo inafika.

Lachisanu, 7 Juni

Akazi anga sakudya. Akungotembenuza supuni m'mbale.

Mpikisano wa dziko lonse uliko Loweruka la sabata yamawa. Amene saponya tsiku limenelo sapita kunja ndi timu, ndipo pa msinkhu wawowu mwayi wina sudzabweranso. A kochi anawanyengerera kuti akangoyesa, ine ndinawaperekeza.

Zonse zinayenda monga kale. Kuthamanga, kupingasa miyendo, kuponda ndi mwendo wamanzere kuti thupi lipindike ngati uta. Mkono unabwera. Koma zala sizinatseguke. Anadutsa mzere nthungo ili m'manja, nsonga n'kukhula pansi pafupi ndi phazi lawo. Anayesanso, chimodzimodzi.

Anthu amaganiza kuti kuponya ndi mphamvu. Ayi. Mphamvu zonse za thupi zimasonkhana paphewa, ndipo zimayenera kutuluka ndi nthungo. Ukapanda kuitaya zimatsalira momwemo. Phewa likhoza kung'ambika. Munthu akhozanso kugwera pansonga. Zimenezi ndimazidziwa bwino, mwina kuposa mmene ndikanafunira.

A kochi anati, "Mayi, kutsogoloko kulibe munthu." Iwo anati, "Ndikumuona."

Loweruka, 8 Juni

Kugolosale, kumbuyo kwanga: "Si awo akazi awo anabaya nkhalamba aja? Azigona ndi diso limodzi." Anaseka. Sopo ndinamusiya pakauntala.

Lolemba, 10 Juni

A Tepi atentha thupi, bala latupa. Madokotala awiri amanong'onezana pakhomo la wodi, atandiona anasiya. Sindikufuna kulemba liwu limene ndikuliopa.

Akazi anga amafika pakhonde n'kuima. Akazi awo a a Tepi anatuluka n'kuwagwira dzanja. "Lowa mwanawe, bambo ako akukufunsa." Akazi anga anangopukusa mutu. Ati sangayang'ane bulangete, kuopa kuti pansi pake apeza mwendo umodzi.

Madzulo mwana wathu anaponyera mnzake mpira kuseri kwa mpanda. Amake anakuwa mokweza mpaka mwana anadzikodzera. Kenaka onse awiri kulira pakhonde. Ine pakati, mphunzitsi wopanda chofotokoza.

Lachitatu, 12 Juni

Kutentha thupi kwatsika! Mwendo akuti utsala, ngakhale azitsimphina. Ndinalowa ndekha.

A Tepi aonda, maso okha. Asanayankhe moni anandikoka malaya.

"Aphunzitsi, munayeza?"

"Kuyeza chiyani, bambo?"

"Nthungoyo! Pamene inagwera!"

Ndinati inagwera mwa inu. Anaseka mpaka kutsokomola, anesi n'kutiyang'ana moipa.

"Anthu opanda nzeru. Woyeza akagwa, basi palibenso wogwira tepi? Mwana waponya kuposa moyo wake wonse, inu n'kumathamangira ambulansi."

Kenaka anatsitsa mawu. Akuti anaiona ikubwera, ndipo nthawi yothawa inalipo. Koma zaka zonsezi ankadikira kuona nthungo ikuuluka choncho, osagwedeza mchira, ndiye miyendo inaiwala ntchito yake. "Ndinaima ngati chitsa, kuyamikira. Umuuze Mphezi zimenezo."

Anatulutsa chipewa chija pansi pa pilo. Ati chikakolekedwe pandodo, kupitirira pamene anagwera, chifukwa pamenepo mwana wafikapo kale.

Mawuwo ndawauza akazi anga. Anamvetsera atafulatira, akutsuka kapu imodzi yomweyo. Chipewa sindinawapatse. Chili m'chikwama pansi pa makope a ana. Chili ndi kadontho kakuda pamlomo pake, ndipo ndikuopa kuti akachiona ndiye zithera pomwepo.

Lachinayi, 13 Juni

Akanikanso kuponya. Lero anagwa chammbali, nthungo pansi pawo. Ndinatseka maso, ndinangomva a kochi akuitana Mulungu. Angosupuka chigongono. A kochi akuti mawa masana akachotsa dzina lawo, sakufuna kunyamula munthu wachiwiri.

Mtima wina ukuti achotse, mkazi wanga akhale wamoyo ndi manja ake awiri. Koma ndikuwadziwa. Akasiyira apa, dzanja limenelo silidzatsegukanso, ngakhale kunyumba. Usiku wathawu anandigwira mkono ali m'tulo, zala zasiya zizindikiro.

Lachisanu, 14 Juni

Kusukulu ndapempha chilolezo. Tinapita kubwalo m'mawa, awiriwiri, udzu udakali ndi mame. Atamanga nsapato ndinatulutsa chipewa.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anapaka chala pakadontho kaja. "Chikununkha fodya wawo," anatero.

Anatenga ndodo ya mbendera n'kuyenda okha mpaka pamalo aja. Anaima pamenepo mutu uli pansi, ine n'kuti basi, abwerera. Koma anapitirira, n'kuzika ndodo, chipewa pamwamba. Kenaka anazungulira bwalo lonse. Anasuzumira kuseri kwa mabenchi, anakoka geti kuona ngati ndi lokiya, anathamangitsa ngakhale galu.

"Imani kumbuyo kwangaku. Musasunthe."

Anakweza nthungo paphewa, koma osanyamuka.

"Kuwanitu."

"Ndikuwe chiyani?"

"Mukudziwa."

Mawu anga ndi a m'kalasi, si a pabwalo. Anatuluka opyapyala, onjenjemera. "Ndilase, Mphezi! Ndili pano!"

Anathamanga. Kupingasa, kuponda. Ndinafuna kutseka maso koma sindinatseke.

Inachoka. Inauluka mokhota, mchira ukugwedera, n'kugwa chafufumimba, osafika ndi theka lomwe la mtunda wa chipewa. Mwana wa fomu yoyamba akanaiposa. Iwo sanaiyang'ane n'komwe. Ankayang'ana chikhato chawo, chotambasuka, chopanda kanthu.

Ndinanyamuka kuti ndikaitole. Anandigwira malaya kumsana.

"Mukupita kuti? Ndati kumbuyo kwanga. Ndipatseni inayo."