Kanjedza Wanga Wakana Kulowa Pakhomo

Brest, 19 Januwale

Okondedwa achemwali Léonie,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija lasiya kuvuta? Nanga alamu a Théophane, shuga wawo watsika? Ine ndi mlamu wanu Maëlle tili bwino, ndipo ntchito yanga yoyendetsa basi ikuyenda.

Nkhani ndi ya kanjedza wanga uja, womera ku njere imene munandiponyera m'thumba pondiperekeza zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Amakula mwaulesi, masamba atatu pachaka, mwina awiri. Chisanu sachipirira. Kukazizira kufika madigiri asanu amayamba kufooka, pa ziro masamba amachita ngati awauka ndi moto. N'chifukwa chake nyengo yozizira ya kuno ikamayandikira timamulowetsa m'nyumba ndi chimphika chake.

Ulendo uno kuzizira kunachedwa, ine n'kutayirira. Mu Disembala pa wailesi analengeza kuti chisanu chigwa Lachinayi. Lachitatu m'mawa ine ndi Maëlle tinamukokera pakhomo, koma anakana kulowa. Wakula, achemwali. Thunthu lafufuma ngati botolo, masamba apitirira chitseko. Titamupendeketsa, tsamba limodzi linathyoka. Ndinangokhala pansi, osadziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

Maëlle anaimbira bambo ake osandiuza. Mukudziwa za apongozi anga a Goulven, olima tomato m'nyumba zagalasi ku Plougastel. Zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati wathu sananditchulepo dzina. Ankangoti "wa basi uja", ndipo kanjedzayo ankamutcha tsache. Masana ndinangoona kalole kawo kaima panja.

"Tsache lake ndi limeneli likuliza mwana wanga pa foni?"

"Si tsache, bambo."

"Gwirani uko, musandiphunzitse ntchito. Mumphikamu mwaikamo miyala kapena?"

Tinamukulunga mabulangete, n'kumugoneka m'lole. Titafika kwawo anazula mzere wonse wa mbande zawo pafupi ndi paipi yotenthetsera, n'kumuimika pamenepo. Ndinayesa kuwaletsa, iwo n'kundiyankha kuti tomato ali naye wambirimbiri, koma chinthu chopusa chotere n'chimodzi chokha.

Kenako anavala magalasi, n'kuyamba kusisita mizere ya pathunthu. Anafunsa zaka zake. Ndinawauza. Pomaliza ananena kuti ankandiyesa munthu wongodutsa, woti tsiku lina ndidzatopa ndi mvula ya kuno, n'kuthawa ndi mwana wawo kupita kwathu ku Réunion. Koma munthu wodikira masamba atatu pachaka, anatero, sapita kulikonse. Ndinangogwira chimphika ngati chikufuna kugwa.

Chisanu chinagwadi, mpaka madzi anaundana m'zidebe panja, koma kanjedza sanapse ngakhale nsonga. Tsopano apongozi amandiimbira pafupifupi tsiku lililonse kundiuza mmene mukutenthera m'nyumba yagalasimo. Amandidzudzulanso kuti ndinkamuthirira mopitirira muyeso, ndipo mwina akunena zoona, chifukwa sabata yatha wayamba kutulutsa tsamba latsopano. Lamulungu tinakadya kwawo. Mnansi wawo atalowa, anamuuza kuti, "Awa ndi a Firmin, mkamwini wanga. Mtengo uja ndi wathu." Maëlle anadzuka n'kupita kukhitchini, akuti kukaona supu, koma anabwerako maso ali ofiira.

Pempho langa ndi ili. Bambo Goulven ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo sanakwerepo ndege. Akufuna kudzaona ndi maso awo mtengo umene munatolapo njere ija pabwalo pathu ku Saint-Pierre. Tagwirizana kuti tibwere atatu mu Ogasiti. Chonde muwakonzere chipinda cha malemu bambo, chija choyang'ana kumunda. Akudzitama kuti tsabola samuopa. Musawamvere, muziwathirira pang'ono.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a Rosemay, ndi kwa ana anu onse. Maëlle akuti akusowani kwambiri. Apongozi nawonso akuti ndikupatseni moni, ndipo andifunsa kawiri ngati ndalemba dzina lawo molondola.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Firmin