Chidindo cha mu nyimbo yanu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti chifuwa chija chinakusiyani kumeneko. Kuno tilipo. Mayi ayamba kuyenda opanda ndodo, ndipo alamu anu akupereka moni.

Nyimbo yanu ija anaiika Loweruka masana mu holo ya pakoleji. Mukukumbuka tsiku lija munakhala pa benchi ku ofesi kwathu kuboma ndi kamakina kojambulira mawu, ine n'kumakusekani kuti mukutola phokoso? Ndinapita, koma ndinakhala kumbuyo. Mu nyimbomo munalibe gitala kapena ng'oma. Munali chidindo kugunda patebulo, anthu kutsokomola pa mzere, chitseko kulira, ndi mawu akuti "bwerani mawa" kubwerezabwereza. Anthu anayamba ndi kuseka, kenako kuseka kunatha, mayi wina n'kuyamba kulira. Mawu a "bwerani mawa" aja ndi anga, achimwene.

Lolemba abwana anandiitana, akuti nyimboyo ndi yandale. Ndinawauza kuti mulibe dzina la munthu ngakhale la chipani, ndi phokoso chabe. Iwo anati, "Nanga mayi uja amalira chiyani?" Paja inu mumati kungopangitsa anthu kumvetsera zomwe anazolowera ndi ndale kale, ine ndinkati ndi zakusukulu zimenezo.

Anandifunsanso ngati woipekayo ndi m'bale wanga. Zomwe ndinayankha ndidzakuuzani pamaso, ngati ndidzathe.

Mulandira kalata yoletsa nyimboyo m'maholo onse. Chidindo chili m'munsimo muchizindikira, ndi chomwe chija munajambula. Pamene ndinkadinda, chinalira chimodzimodzi ngati mu nyimbo yanu.

Ndine mng'ono wanu, ngati mukundilolabe kutero.