Denga si m'bale

Lolemba, 27 Feverero 1989
Chaka chachitatu ku Lulimile chithawire nkhondo ku Meponda. Kuzizira, nsomba palibe. Kwabwera pulofesola Clotilde, wophunzitsa mdzukulu wanga Atija. Akufuna ndikafotokozere ana nkhani ya chivomezi, ati ana a masiku ano sanachionepo. Ndamuuza monga anandiuzira agogo Dawudi. Pansi pa nyanja pagona kampango wamkulu, msana wake ndiwo unang'amba dziko madzi n'kulowa. Akatembenuka mapiri amagwedezeka. Mawu otsekera a agogo: pansi pakatembenuka, denga si m'bale. Walemba zonse m'kope.

Lachitatu, 1 Marso
Ndafunsa Atija mawu aakulu amene analemba pamwamba. Ati "lenda." Ndiye kuti nthano, zocheza ana. Agogo anaika m'manda anthu asanu ndi mmodzi amene khoma la miyala linawagwera pa chivomezi, dzanja lawo lamanzere silinaongokenso. Nthano imeneyo? Sindipita.

Lachisanu, 3 Marso
Clotilde wabweranso. "Bambo Cassimo, inetu ndi siyensiya ndimaphunzitsa. Kampango ndimulembe pati?" Ndati mulembeni m'nyanja, ndiko kwawo. Mkazi wanga Assia waseka m'khitchini, ine ayi. Clotilde akuti mabuku amanenanso kuti dziko linang'ambika pamenepo. Chabwino, apite mabukuwo akaime pamaso pa ana. Ine shikola sindinapondeko, zilembo zanga ndi izi zachiarabu za kumzikiti, ndipo zandikwanira.

Lachiwiri, 7 Marso
Mfuti cha ku Lione masana. Atija walowa pansi pa bedi, mutu kukhoma, osauzidwa. Ana onse amatero. Bwino. Miyendo ikundiyabwa, ndazungulira nyumba katatu popanda chochita.

Lachinayi, 9 Marso
Mbandakucha, ndikusamba m'manja kuti ndiswali. Madzi m'beseni anayamba kuyenda okha. Nkhuku phokoso. Kenako kugwedezeka kumapazi. Sindinachimvepo chikhalire mwana koma ndinachidziwa. Ndinakuwa kuti tulukani. Assia anatuluka. Atija ayi, analowa pansi pa bedi, amayesa mizinga. Ndinamukoka mwendo. Dothi lakhoma linagwera pomwe panali mutu wake, chibuma ngati dzungu.
Ati, "Agogo, munkati tikamva kugunda tizigona pansi."
Ndinkaterodi. Nkhani ya kampango ndinauza mlendo wa kope, wanga yemwe sindinamuuze bwino.
Tsiku lonse osadya. Kalasi ya Atija ndi ya zidina, njerwa zosawotcha, ana makumi asanu ndi limodzi, khomo limodzi.

Lachisanu, 10 Marso
Ndapita kushikola ndisanapite kumzikiti ku Juma. Kanzu yoyera, kofia. Clotilde wandipatsa mpando wake. Sindinakhale. Ndawauza anawo: mfuti imabwera kukhutu, kampango amabwera kumapazi. Ndikawomba m'manja gonani. Ndikaponda pansi tulukani, kutali ndi khoma. Tachita kasanu ndi kawiri. Koyamba theka anagona, ena anapanikizana pakhomo. Komaliza m'kalasi munatsala ine ndi nsapato imodzi.
Clotilde anajambula mizere pabolodi, miyala yotsetsereka pansi pa nyanja. Ikufanana ndi msana, ndamuuza. Sanatsutse.
Pobwera ndafunsa Atija mawu apamwamba pabolodi. Ati omwe aja. Akhale.
Agogo ankati kampango satembenuka kamodzi, amafuna mbali yogonera. Mikeka ndatulutsa pabwalo dzuwa likadalipo. Assia akuti mvula, akuti a Cipriano oyandikana nafe aseka. Aseke. Wa Atija ndayala pakati.