Khofi Wanu ndi Dzanja Langa

Lachiwiri, 9 Julaye

Okondedwa Achemwali,

...ndiye taganizani, lezala ili m'manja, munthu wamkulu watsamira pampando wanga atatsinzina, thovu lili mbee kumaso konse, dzanja langa n'kuyamba kuvina lokha ngati lamva ng'oma. Pepani, ndayambira pakati ngati wobwebweta, moni ndikupatsani kumapeto. Mtima uli m'mwamba, ndipo nkhani yonseyi mwaiyambitsa ndinu ndi chitini chanu cha khofi chija.

Munthu wamkuluyo si wamba ayi, ndi apongozi a bwana wathu, mwini babashopu. Madala amenewa ali ndi ndevu za pamlomo zomwe anayamba kuweta ife tisanabadwe, zopotokera m'mwamba uku ndi uku ngati nyanga za ng'ombe. Salola wina aliyense kuzikhudza koma ine. Inde, ine mlongo wanu, amene anthu amakwera mabasi awiri kulondola dzanja langa, amene ndikhoza kumeta udzudzu uli m'tulo osaudzutsa. Ndinati ndingosalaza pang'ono kumanzere. Dzanja linangoti gwede! Nyanga imodzi ili pansi.

M'babashopu munati zii. Ngakhale wailesi inachita manyazi. Madala anatsegula diso limodzi, kuyang'ana pagalasi, n'kufunsa mofatsa, "Mwana wanga, inayo yapita kuti?"

"Bambo," ndinatero ine, "masiku ano achinyamata akumeta choncho."

"Ndiye ine ndikuoneka wachinyamata?"

Anatola nyanga yawo pansi, kuikulunga m'kampango, n'kutuluka thovu likadali kumaso, osatsanzika.

Tsopano ndibwerere kwa inu. Mukukumbukira chithunzi chija ndinakutumizirani pafoni, nditaima pambali pa mpando wanga? Ine ndimati muyamikire yunifolomu yatsopano, inu munangoona mimba. Chabwino, mimbayo ilipo, sindikukana. Anzanga kuntchito amanditchula Mgolo, ndipo makasitomala ena amadandaula kuti ndikawerama imawagogoda m'khutu, ngakhale ena anzeru amayamika kuti ndi mtsamiro waulere. Koma inu munatumiza chitini chachikulu ngati cha penti, ndi uthenga woti mwawerenga kuti khofi amasungunula mafuta m'thupi. Ndinati Achemwali anapita patali ndi sukulu kuposa ine, sanganame.

Ndiye ndinayamba. Inu mumandidziwa, sindichita chinthu mwatheka. Ndinawerengera kuti ngati kapu imodzi isungunula pang'ono, fulasiki yathunthu isungunula mgolo wonse. M'mawa fulasiki, masana fulasiki, madzulo kapu yotsukira kukhosi. Koma chinthu chimenechi n'chowawa, Achemwali! Munthu amene anayamba kumwa khofi anali pa udani ndi lilime lake. Ndinkathiramo shuga mpaka supuni kuima yokha, mkaka wa ufa wosayeza, ndipo poti chamadzi sichiyenda chokha, ndinkachiperekeza ndi buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri.

Alamu anu, mayi a ana angawa, anandiyang'ana tsiku lina n'kufunsa, "Abambo, amenewa ndi mankhwala kapena ndi phwando?"

Ndinati, "Mayi, za sayansi zisiyeni. Simukumva mmene mtima ukugundira? Ndi injini imeneyo, ikuwotcha mafuta."

"Injini yake ikumaliza shuga wa ana."

Tulo tinathawa. Ndipo munthu wosagona amadzuka ndi njala ya fisi, moti kukacha ndinkadya ngati ndachokera kuswa miyala. Kuntchito pakamwa sipankatsekeka. Kasitomala asanakhale n'komwe, ndamufunsa kale za mpira, za ana, za mvula ndi za dzino la agogo ake. Kuchimbudzi ndiye ndinaponda njira yangayanga, ndinkasiya munthu mutu uli theka n'kuthamanga. Ine ndinkasangalala kuti ndi mafuta akutuluka amenewo. Dzanja linayamba kunjenjemera pang'onopang'ono, koma ukagwira makina ometera sizioneka, poti nawonso amanjenjemera. Lezala ndi imene inandiulula.

Bwana atamva za apongozi awo anandiitanira kuseri, komwe timachapira matawulo.

"A Mgolo, mwayamba kumwa?"

"Khofi, bwana."

"Bola mukanati mowa, ndikanadziwa chowauza apongozi. Mkazi wanga sakundilankhula. Madala akuyenda ataphimba pakamwa ndi mpango ngati akudwala dzino."

Kenaka anagamula mlandu. Lezala ndisaigwirenso mpaka Loweruka, ndipo Lowerukalo ndidzamete baluni pamaso pa anthu onse, monga timayesera ophunzira ntchito. Amaipopa, kuipaka thovu, iwe n'kuchotsa thovulo ndi lezala. Ikaphulika, mpando wanga wa pawindo upita kwa Nsungwi. Ine! Munthu amene ndinaphunzitsa theka la ometa a m'tauni muno, kuyesedwa ndi chidole cha ana! Nsungwi ndi mnzathu wa pantchito, wowonda ngati dzina lakelo. Amadya kuposa ine koma komwe zimapita sikudziwika. Mpando wa pawindo anayamba kale kuumezera mate, chifukwa aliyense wolowa amayambira pamenepo. Mipando ya m'kati imadya zotsala.

Alamu anu anandikokera kuchipatala. Namwino anandikweza pasikelo, muvi wake unathamanga mpaka kupempha madzi akumwa. Ndawonjezera, Achemwali! Khofi wanu wochepetsa thupi uja wandiwonjezera! Nditamufotokozera kamwedwe kanga, mayiyo anaseka mpaka kugwira tebulo. Akuti inde, mu khofi muli kanthu kotchedwa kafini kamene kamafulumizitsa thupi, koma mafuta amene kamawotcha ndi ochepa, moti kagawo kamodzi ka buledi wanga uja kamabweza onse ndi basela pamwamba. Akuti thupi likazolowera, ngakhale pang'onopo pamachepa. Akuti kapu imodzi kapena ziwiri zosathira kanthu si vuto, vuto ndi phala la shuga ndinkamwalo, ndi kusagonako.

Ndinati, "Asisi, ndiye nditani?"

Akuti, "Muziyenda wapansi, muchepetse mbale."

Taonani! Malangizo otani amenewo, opanda ngakhale chitini?

Anandiuzanso kuti khofiyo ndimusiye pang'onopang'ono, koma ine poona Loweruka lili pakhomo ndinasiyiratu tsiku lomwelo. Mutu unawawa ngati muli akalipentala akukhoma denga. Ndinkayasamula mpaka makasitomala kudziwa mano anga onse ndi maina awo. Ndinakalipira mphaka, ndinakalipira ketulo, ndinakukalipiraninso inu muli kutaliko, ngati makutu anakutenthani ndinali ine.

Loweruka babashopu inadzaza thothotho. Wokonza mafoni wa khomo loyandikana nafe anatseka shopu yake, telala anabwera tepi ili m'khosi, ndipo madala aja anakhala kutsogolo kwenikweni, nyanga inayo atametetsa kuti zifanane, nkhope ili ngati dzira losenda. Wopopa baluni anali Nsungwi, ndipo anaipopa mwankhanza mpaka kumaonekera m'kati.

"Achimwene a Mgolo," akutero, "ndapopa saizi ya mimba yanu kuti musaione yachilendo."

"Iwe, ukanapopa saizi yako tikanameta chingwe," ndinamuyankha.

Ndinagwira lezala. Achemwali, mukanakhalapo! Fyuu, fyuu, fyuu, thovu lonse pansi, baluni ili phee, kunyezimira ngati dazi la munthu wolemera. Anthu anawomba m'manja mpaka agalu a tsidya lina la msewu kuyamba kuuwa.

Tsopano pempho langa ndi ili, ndipo ndikupempha ndi ulemu wonse. Musatumizenso khofi. Musatumize tiyi wobiriwira, kapena njere zonyika m'madzi, kapena lamba wamagetsi, kapena chilichonse chimene foni yanu yakulotetsani. Ndayamba kupita wapansi kuntchito, moti msewu ukudandaula. Mukafuna kundithandiza tumizani nsapato, zimenezo sizimwedwa.

Moni kwa alamu anga kumeneko, muwauze kuti dazi lawo ndalisowa. Moni kwa ana onse, wamng'ono uja asamametedwe ndi anthu a m'njira, adikire amalume ake. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, muwauze kuti mwana wawo ali bwino ndipo akudya, mwinanso mopitirira. Kuno ana akupereka moni. Alamu anu nawonso akuti moni, koma akuti mubweze shuga wawo.

Ine mlongo wanu,
Mfumu ya Lezala

Ndimati ndimate envelopu, alamu anu awerenga n'kundiyang'ana ndi diso lawo lija. Chabwino. Za baluni zija ndakometsera. Anthu anawombadi m'manja, koma n'kuti itaphulika ndisanafike n'pakati pomwe, thovu lili m'maso mwa madala. Pawindo pali Nsungwi tsopano. Ine ndili pa mpando wa kumapeto, pafupi ndi sinki, ndikumeta ana ndi makina, ndipo bwana akuti tidzayesanso dzanja likakhazikika. Ndikaweruka ndimayeserera pa mabaluni kunyumba, moti ana akuganiza kuti tsiku lililonse kuli phwando.

Khofi ndinasiya, Achemwali, koma dzanjali likadagwedezeka pang'ono ndikagwira lezala. Namwino akuti mwina ndi mantha chabe, ndipitenso akandione. Inu ndi amene munkawadwazika bambo. Kodi dzanja lawo lija linayamba chonchi? Mundiyankhe ine ndekha. Amayi muwawerengere mpaka pa dzina langa basi.