Kufunafuna Malita pa Waya ndi pa Mphepo

Amayi,

Mwaswera bwanji kumeneko? Ndafunsa za kuswera chifukwa kuno dzuwa lapendeka, koma sindikudziwa ngati kwanuko kulinso m'mawa ndi madzulo, kapena mumangokhala pamthunzi umodzi wosasuntha. Ngati ndi choncho mwapata, chifukwa kuno Okutobala wafika ndi ukali wake wonse. Nyenje zimayamba kulira ziro naini mpaka mutu kuwawa, ndipo mtsinje wa Lupande wasanduka msewu wa mchenga umene akazi akufukulamo madzi ndi zikho. Mundikhululukire polemba m'Chinyanja, chimene munkati ndi cha m'tchalitchi ndi cha kupolisi. Chikunda chathu palibe anandiphunzitsa kuchigoneka papepala.

Nkhani za pakhomo ndi izi. Mpongozi wanu Esinati anachira mwezi wa Juni, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, Elina, ndipo walitenga ndi zonse: akamayamwa amandiyang'ana cham'mbali ngati akufuna kufunsa kuti lero ndawononga chiyani. Mapira tinakolola okwanira, thonje pang'ono. Njovu zinabwera katatu kudimba. Ulendo wachitatu zinangodutsa mwaulemu, poona kuti ntchito zinamaliza kale. Mtengo wanu wa mango wabereka mpaka nthambi kugunda pansi, ndiye kuti alendo omwewo tiwayembekezere.

Chiliza chanu sitinamangebe. Njerwa tinawotcha, simenti ili pansi pa bedi ndipo yayamba kuuma yokha. Alongo anu, amalume a Yelemiya, akanitsitsa. Akuti, “Iwe ndiwe mwamuna, ndiwe mlonda chabe wa mbumba. Mbumbayo ndi mlongo wako Malita. Ungamange bwanji pamanda pa amake iye kulibe?” Ndinafuna kuwayankha mwa kusukulu, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Inu mukudziwa chimene chinathamangitsa Malita, chifukwa munali pafupi, ngakhale munali chigonere. Munanditumiza ku yunivesite kuti ndikaphunzire kulankhula, ine n'kubwerako ndi lilime lonola mbali zonse. Mlongo wangayo anafika kuchokera ku Lusaka titakuikani kale dzulo lake, bulangete latsopano lili pamutu. Anthu anali odzaza pabwalo. Ine, ndi chisoni chimene sindinkadziwa kokachitula, ndinati, “Taonani, a ku Lusaka afika. Pepani mayi, malemu anakudikirani, koma anaona kuti ndege yanu yachedwa.” Ena anaseka. Malita anatula bulangete pakhomo, analowa kukalira ndi akazi anzake, m'mawa mwake anachoka osanditsanzika. Mvula yabwera kawiri n'kupita, osamva mawu ake. Munkanena kuti mawu ali ngati nkhuku: kutsegula khola n'kosavuta, kuzibweza ndiye thukuta.

Tsono chaka chino ndachita zimene munthu wophunzira amachita akachita manyazi: ndachita kafukufuku. Ndayesa njira zonse zolankhulirana ndi munthu wakutali zimene chigwa chino chili nazo, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni ubwino ndi kuipa kwake, mwina kumeneko wina angafunse.

Ndinayamba ndi kalata yopatsira kondakitala wa basi. Mtengo wake ndi wachifundo, nkhuku imodzi kapena chitini cha mtedza. Ndinalemba makalata atatu. Yoyamba inali ya masamba sikisi, yofotokoza kuti nthabwala ndi chiyani, ndi mmene anthu otsogola amaimvera. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti palibe wokudula mawu. Kuipa kwake ndi chete wake. Sudziwa ngati kalata inanyowa, kapena kondakitala anakulungira vitumbuwa, kapena inafika bwinobwino n'kukolezedwa pa mbaula. Ine ndinasankha kukhulupirira za vitumbuwa.

Kenako ndinapita ku Chipata, ku lamya ya ku positi ofesi. Msewu mukuudziwa, ndinafika mafupa atasinthana malo. Pamzere panali anthu ambiri, aliyense atagwira kapepala ka nambala ngati mankhwala. Mayi wa kuseri kwa galasi amakulozera kachipinda kamatabwa, ndipo amayamba kuwerenga maminitsi usanapume n'komwe. Ndinaimba ku sitolo yoyandikana ndi kumene Malita amasokera zovala. Amayi, mawu a mu lamya imeneyo ali ngati munthu akulankhula ali m'chitsime, mvula ikugwa pa malata. Pamwamba pa apo waya wathu unalowana ndi wa anthu ena, moti poyembekeza kuti amuitane ndinamva bambo wina wa dera losadziwika akukalipira mlamu wake chifukwa cha mbuzi. Mpaka lero ndimaganiza za mbuzi imeneyo.

Ndinamva mapazi akubwera. Ndinamva akunyamula lamya. “Halo?” Mawu ake enieni, aja ankandiitana nawo kuti ndimutsitsire masau. Lilime langa, poona kuti mwini wake wafooka, linadziyendera lokha. Ndinati, “Kodi muli bwanji anthu a kumagetsi?” Basi, kunangoti thi. Ndinafunsa mayi wa pagalasi ngati waya waduka kapena munthu waika pansi. Anati, “Abambo, ife timagulitsa maminitsi, zifukwa sitigulitsa. Wotsatira!” Apo ndiye pali chifundo cha lamya ya ku Chipata: imaduka kawirikawiri moti munthu wokanidwa amabwerera kwawo ndi ulemu wake.

Njira yachitatu ndi yanu. Musakane. Masiku otenthawa ndikaweruka kusukulu ndimayala mphasa pansi pa mango, ndipo tulo timabwera ngati madzi ofunda. Nyenje zimapita kutali, kutali, kenako ndimakuonani mutakhala pa mchenga wa Lupande, pakati penipeni, mukupeta mapira. Mankhusu sagwa pansi, amangokwera kumwamba pang'onopang'ono ngati akukumbukira kwawo. Mphepo imanunkhira mvula imene sinagwe. Nsalu yanu ndi ija yobiriwira inapsa ndi mbaula, koma kumeneko ndi yatsopano. Mawu amamveka bwino kuposa lamya iliyonse, palibe mzere, palibe kulipira. Vuto ndi lakuti woimba ndinu nokha, ndipo mumadula pamene mwafunira. Maulendo onse simundiyang'ana. Mumangofunsa, maso ali pa lichero, “Malita wadya?” Ine ndikatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndimadzuka ntchentche ili pamlomo.

Yotsala ndi wailesi ya ku loji, kumene msuweni wanga Zakeyo amaphikira alendo odzaona nyama. Si wailesi ya nyimbo ayi. Ndi bokosi lokhala ndi chingwe, kumapeto kwake kuli kachinthu kolankhulirapo kokhala ndi batani. Ukadina batani umalankhula koma sumva. Ukalisiya umamva koma sulankhula. Ukatha mawu ako umati “ova”, ndiye kuti mnzako alankhule. Nditamva zimenezi ndinadziwa kuti amene anaipanga anali ndi mwana ngati ine. M'mawa uliwonse ziro seveni amalankhulana ndi ofesi yawo ya ku Lusaka, kuitanitsa mazira, dizilo ndi matayala. Mawu amamveka ngati munthu ali kuseri kwa mpanda. Kulipira kulibe, bola ukhale ndi msuweni.

Koma ili ndi chilema chimodzi chimene chinandiletsa miyezi itatu. Mphepo ilibe chitseko. Makampu onse a m'tchire ndi a asikauti a nyama amatchera pamalo amodzi, ndipo nthawi imeneyo akazi awo amasiya madzi pamoto kudzamvera. Chimene wanena ziro seveni, ziro eyiti chili pa chitsime ku Mnkhanya. Ndinauza Zakeyo kuti nkhani ya pabanja siyenera kuyanikidwa chotero. Anandiyang'ana akupukuta mpeni. “Asuweni, pomunyoza munamutengera kuseri? Munayanika pabwalo, kaanuleni pabwalo pomwepo.”

Abwana a pa loji anavomera faifi minitsi. Dalaivala wa ku ofesi ya ku Lusaka, amene amapemphera tchalitchi chimodzi ndi Malita, anamutenga Lachiwiri lapitali, atangomuuza kuti kumudzi akumufuna pa wailesi. Ine ndinapalasa njinga m'mawa, malaya ositidwa, ngati angandione. Anayamba ndi mazira. Anabwera matayala. Kenako mawu a Malita, onjenjemera: “Wamwalira ndani? Ova.”

Amayi, pamenepo ndinazindikira kuti kwa mlongo wanga kumudzi kwasanduka malo ochokera maliro okhaokha. Ndinadina batani. Ndinati palibe wamwalira. Ndikanalekera pomwepo, koma chala chinakonda batani lija. Ndinafotokoza za chisoni ndi mmene chimasokonezera munthu. Ndinafotokoza kuti ngakhale adzukulu amaseka pamaliro, ndipo makolo sanali opusa polola zimenezo. Ndinanena za simenti, za amalume, za kamwana kotchedwa dzina lanu. Zinkatuluka bwino kwambiri, moti ndinadandaula kuti ana a sukulu palibe. Zakeyo anandikodola kawiri. Kachitatu anangondikanula chala, n'kunena yekha, “Ova.”

Bokosi linangoti waaa, ngati mtsinje uli kutali. Kenako kunabwera mawu a bambo amene sindimawadziwa. “Kuno ku kampu ya kumtunda. Aphunzitsi, tamva zonse, zokoma kwambiri. Koma ‘pepani’ uja sitinamumve. Mwina wagwera panjira. Ova.” Atangomaliza, mayi wina kwinakwake, mwana akulira kumbuyo: “Ifenso kuno sanafike. Ova.”

Zakeyo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ndinadinanso. “Malita, ndinalakwa. Pepa, mlongo wanga. Ova.” Digiri yonse inathera pamenepo.

Amene anayankha ndi Malita. Atayamba kulankhula, mawu anali atakhazikika, ngati anu mukamayeza nsalu. “Achimwene, mukundimva? Chinthucho musachigwire, mungomva. Uthenga wa maliro unandipeza tsiku lachitatu. Basi inatitula pa Jumbe chifukwa mitsinje inali itadzaza. Ndinayenda pansi kuchokera pa Jumbe, m'matope, nsapato m'manja. Ndinagona pakhonde la sukulu ina. Mtsinje wina ndinawoloka madzi ali m'chifuwa, bulangete la amayi ndalikweza m'mwamba kuti lisanyowe. Ndege yanga inali imeneyo. Ova.”

Sindinadziwe, Amayi. Zaka ziwiri zonsezi sindinafunse kuti anafika bwanji. Tsiku lija ndinaona bulangete, koma mapazi ake sindinawayang'ane. Batani linali pansi pa chala changa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinalibe choti ndinene. Chigwa chonse chinakhala chete pamodzi nane. Ngakhale mwana uja analeka kulira.

Malita anabweranso yekha. “Aphunzitsi, mwamwalira kodi? Mvetserani. Ndibwera Loweruka la sabata yamawa. Ndidzatsikira pa Jumbe, ngakhale basi ikhale ikupitirira. Mudzandichingamire pomwepo, opanda njinga. Chikwama mudzasenza inu, ndipo ndidzaikamo mutu wa makina osokera. Ova.” Ndinati, “Ndamva. Ova.” Bambo a ku kampu ya kumtunda anati, “Ameni, ova,” ndipo kalaliki wa ku Lusaka anafunsa kuti mazira aja anati mathireyi angati.

Pobwerera, ndisanafike n'komwe pamsika, mayi wogulitsa tomato anandifuulira kuti, “Aphunzitsi, mugule nsapato zolimba!” Ndiye ngati wina kumeneko angafunse kuti njira yabwino ndi iti, muwauze kuti wailesi ndiyo yodula kuposa zonse, ngakhale salipiritsa. Amalume atuma kale uthenga kwa mmisiri womanga chiliza. Esinati akuseka chisekereni. Akuti adzandimangira nkhata yapamutu ndi chibwantu cha m'botolo, thobwa lathu lija, koma sadzandiperekeza.

Ndikuopa, sindibisa. Dzuwa la mwezi uno silisewera, miyendo yanga inazolowera choko ndi mpando, ndipo sindikudziwa kuti anthu awiri amakambirana chiyani pa msewu wautali chotero. Koma ndikulonjezani kuti ndidzayenda pambuyo pake, ndipo ndidzalankhula pokhapokha akandifunsa. Tikafika, tisanamwe ndi madzi omwe, tidzabwera kwa inu tonse awiri kudzakuonetsani mapazi athu.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale zimenezi sindinakuuzenipo popanda kuikapo nthabwala.

Ine mwana wanu woyamba,
Gidiyoni