Chingwecho Ndinachipempha Ndekha

Etobicoke,
Lachinayi, 14 Malichi 2024

Okondedwa achemwali anga a Mathilda,

Musadabwe kuti zilembozi zapendama ngati ndaledzera. Kuchipatala anandiuza kuti ndizigwira cholembera tsiku lililonse kuti dzanja libwerere mwakale, ndiye ndati bola ndilembe zimene zikundisowetsa mtenderezi. Pepala lino ndi lachitatu, awiri ndang'amba. Ndakhala, ndaimirira, ndakolopanso khitchini yokolopa kale. Ndikamaliza ndijambula pafoni kuti kalatayi ikupezeni Loweruka lisanafike.

Mwandiuza kuti Lowerukalo amalume a Solomon akupita kwa ankhoswe a kuchimuna kukanena kuti amuna anga a Douglas amandimanga ngati mbuzi nkumandimenya, ndipo banja lithe. Achemwali, akapita ndiye kuti aipitsa munthu wosalakwa. Chingwecho ndinachipempha ndekha.

Khalani pansi kaye. Ku Hamilton, tauni ya kufupi nafe kuno ku Canada, kuli kagulu ka anthu akuluakulu amene amaphunzitsana kumangana ndi zingwe mogwirizana, wina ndi wokondedwa wake. Timakumana Lamulungu masana m'chipinda chapamwamba, titavala zovala zolimbitsira thupi, tiyi ali poteropo. Ndikudziwa nkhope imene mwapangayo. Koma ine sabata yonse ndimanyamula okalamba, kuwasambitsa, kuwaganizira mankhwala, ndipo chingwe chikandigwira mapewa mutu wanga umakhala zii. Ndimasangalala nazo, sindikubisirani. Amene anapeza gululo ndine, a Douglas ndinachita kuwakoka.

Wotiphunzitsa ndi Lindiwe, mayi wa ku Chipata wolankhula ngati akudula nkhuni. Malamulo ake ndi okhwima kuposa a kuntchito. Musanagwire chingwe mumakambirana pomwe pakhudzidwe ndi pomwe pasakhudzidwe. Wamwa mowa amabwezedwa pakhomo. Sizasi imakhala pafupi ndi bondo la womangayo, ndipo mawu omaliza ndi a womangidwa: akangoti “leka”, zonse zimaima, popanda kufunsa chifukwa.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Mu Febuluwale a Douglas anafuna kuonetsa kamangidwe kena ka mikono kumbuyo. Anali atakayeserera masabata atatu pampando wa pabalaza, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wanu. Tsikulo zinawayendera bwino, anthu anasiya zawo nkumationera. Pakati pake dzanja langa lamanja linayamba kuchita dzanzi. Anandifunsa kuti, “Manja akumva bwanji, Nthanda?” Ine ndinati, “Ali bwinobwino, bambo.” Anafunsanso kachiwiri, ndinabwereza zomwezo, mpaka kumwetulira. Mukukumbukira alangizi aja ku Zomba, usiku woti mawa ukwati, kuti mwamuna sachititsidwa manyazi pagulu, banja ndi kupirira? Inunso munalipo, mukuwomba m'manja. Mawu amenewo ndi amene anandiyankhira, ine namwino wathunthu wodziwa tanthauzo la dzanzi.

Mwayi wake gululo silikhulupirira pakamwa pokha. A Douglas anati, “Takweza chala chachikulu ndione.” Chala chinakana. Sanataye nthawi ndi kumasula mfundo, anatola sizasi nkuduladula chingwe chawo chimene ankachikonda ngati mwana. Koma mtsempha unali utafinyika kale, dzanja linangoti lende. Dokotala ndinamuuza zoona zonse, anamvetsa, akuti lichira pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Lindiwe sanakalipire a Douglas okha. Anandiyang'ana nati, “Iwe Nthanda, ulemu wako uzakupaya. Munthu amene sakwanisa kukamba leka, na inde wake alibe nchito.” Anatiimitsa kumanga mpaka ndiphunzire. Amayi awiri a m'gulumo akhala akubwera kunyumba, wina ndi supu, wina kudzandiyesa mafunso kuti ndizolowere kukana, ndipo ndimatuluka thukuta ngati ndili m'khoti. Chimene chinandipweteka koposa ndi cha m'galimoto pochoka kuchipatala. A Douglas anaima pambali pamsewu, misozi ili mbwembwembwe, nati, “Wandinamiza, Nthanda. Wandisandutsa mwamuna wovulaza mkazi wake.”

Lamulungu lotsatira tinapita kutchalitchi ku Markham. Povula jekete, mayi Angela a m'chigwirizano anaona chomangira dzanja chimene anandipatsa kuchipatala ndi mikwingwirima pamkono. Ndinati ndinaterereka pamadzi oundana. Iwo anati, “Madzi a ku Canada ayamba liti kusiya mizere ya chingwe, mwanawe?” Sindikuwada ayi. Aona akazi ambiri akubisa nkhonya ndi malaya a manja aatali, ndipo akanakhala kuti akunena zoona ndikanawathokoza. Koma foni imodzi yokha, nkhani inafika ku Zomba ife tisanafike pakhomo.

Kuyambira tsikulo abambo anzawo sawapatsa dzanja a Douglas. Mbale ya chopereka imene ankayendetsa anaipereka kwa wina. A Douglas sadziteteza, akuti, “Chinsinsi ndi chako, sindingachiulule popanda iwe kuvomera.” Ndiye taonani, achemwali, ndakhalanso chete milungu inayi munthu akupsa, ndendende mmene ndinakhalira chete dzanja likufa. Manyazi andidya, koma walira mvula walira matope. Lamulungu lino ndikawaitanira pambali mayi Angela ndiwauze ndekha.

Ndikupempha kuti inu mupite kwa amalume mawa, musadikire Loweruka. Za Hamilton muwauze zimene makutu awo angapirire, mukaona kuti sakumva awerengereni kalata yonseyi, ndavomera. Mwina mundinyoza, mwina simundiyankha mwezi wathunthu. Zimenezo ndipirira, bola dzina la a Douglas liyere.

Mwina mukufuna kufunsa ngati ndasiya. Chingwe chatsopano ndagula ndine, chili mudirowa, sichinamasulidwe. A Douglas akuti sachigwira mpaka atamva ndikuwakaniza chinthu mokweza, ngakhale tiyi. Dzulo ndinawakanira kanema wawo wa mpira, anaseka mpaka kutsokomola.

Moni kwa alamu ndi ana onse, Jailosi alimbikire mayeso. Mankhwala a maondo a amayi ndatumiza kudzera kwa mnzanga amene akubwera pa Isitala. Amayiwo muwauze kuti asalire, mkamwini wawo ndi amene akundipesa tsitsi ndi kundimangira zingwe za nsapato m'mawa uliwonse. Amalume muwalonjere mwaulemu wonse, mugwade monga tinaphunzirira, muwathokoze kuti amandikonda. Mukatero muwauze mawu amene ndinawameza tsiku lija, ndawalemba ndi dzanja lomwe lija: Nthanda akuti lekani.

Ndine mng'ono wanu,
Nthanda