Sanali makutu okha, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mwafikako bwino, muli bwanji? Kuno ku Ntaja tili moyo. Mpunga wa kwa Mposa wachita bwino chaka chino, koma mbalame zatidyera ndime yonse ya kumunsi poti mwini wake wozikuwira kulibe. Mlongo wanga Saidi wafolera nyumba yanu. Ine ndinachira mwezi wa Ramazani, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Asiyatu.

Pali nkhani imene yandikhala pakhosi. Mukukumbuka makutu anu aja, mmene ankatupira, kufiira ndi kutentha, kenako n'kufota? Mphuno itayamba kuphwa, anthu pachitsime anati ndi khate. Ine mwana wanu sindinawatsutse. Ndinakupatulirani mbale yanuyanu. Munailandira ndi manja awiri, n'kungoti, "Chikomo, mwanangu, yokongola."

Titapita nanu ku chipatala ku Blantyre, dokotala uja anandiitanira pambali. Anati si khate iyayi, ndipo sapatsirana. Anati matendawa amadya fupa lofewa la m'khutu ndi m'mphuno, amapita n'kubweranso, ndipo nthawi zina amafika pamtima: amafutukula mtsempha waukulu, zitseko za mtima n'kuleka kutseka bwino, magazi n'kumabwerera m'mbuyo. Anati ndibwere nanu pakatha miyezi itatu adzakumvereni pachifuwa. Amayi, zimenezi sindinakuuzeni. Makutu ataphwa ndinati mwachira. Ndinati tiyambe takolola, Blantyre sathawa.

Mapazi anayamba kutupa. Pochoka pachitsime munkapuma katatu musanafike pakhomo, mtsempha wa m'khosi ukugunda moonekera. Komabe tsiku limene anabwera a chipani kudzalemba amayi okavina pamsonkhano wawo ku Balaka, ndine ndinakukakamizani. Ndinkaopa kuti akati banja lathu ndi loukira, ndiye Saidi achotsedwa ntchito. Munati, "Mtimawu ukuthamanga wokha, ine ndili chikhalire." Ine ndinati ndi ulesi wa ukalamba. Munavala nsalu ya chipani ija. Pokonzekera gule pabwalo la sukulu simunamalize nyimbo yachiwiri. Pamene tinkakukwezani pa ngolo n'kuti mutapita kale.

Munkakonda kunena kuti mwana akakuponda phazi sulidula, umangolisuntha. Inu munasuntha mpaka malo anatha.

Mpaka lero anthu akuti munafa ndi khate, ndipo ena safuna kulowa m'nyumba mwanu. Saidi yemwe sadziwa zimene dokotala ananena. Ndazisunga ndekha zaka ziwiri.

Tikapuntha mpunga tichita sadaka yanu. Shehe akatha pemphero la dua, ndidzapita kumene kwakhala amayi anzanu, ndidzagwada, n'kuwauza zonse: dzina loipa lija si lanu, unali mtima, ndipo amene anadziwa n'kukhala chete ndine. Saidi ndimuuza mawa, asanamve kwa ena. Ndikulonjeza, Amayi. Akandida, andide.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene anachedwa,
Patuma